Mawu a Belu Anatsala M'fumbi

Olemekezeka a Wapampando wa komiti yoyendetsa chipatala chino,

Olemekezeka akuluakulu a zaumoyo m'chigawo chathu,

Olemekezeka a mkulu wa chipatala, pamodzi ndi madokotala, anamwino ndi onse ogwira ntchito muno, kuyambira oyeza magazi mpaka okolopa m'makonde,

Olemekezeka oimira mabungwe amene anagwirana manja kuti wodi iyi imangidwe,

Olemekezeka atsogoleri a zipembedzo zosiyanasiyana,

Anzanga a gulu lozimitsa moto ndi kupulumutsa anthu pa ngozi, amene mudakali pa ntchito ndi amene tinakalamba n'kuvula yunifolomu,

Amayi ndi abambo amene munataya abale anu tsiku limene nyumba yosanja ija inagwa, ndi inu amene mukuwataya pang'onopang'ono mpaka lero,

Atolankhani, amayi ndi abambo nonse, osaiwala inu amene mwakana mipando ndipo mwaima kumbuyo uko pafupi ndi mpanda,

ndakulonjerani nonse.

Mundikhululukire ndikamaima pakati pa mawu. Si kuti ndaiwala zonena, komanso si luso la kalankhulidwe. Ndi mpweya umene umandiperewera. Ndikaima, mungondidikira, ndibwera.

A Wapampando atafika kunyumba kudzandipempha kuti ndikhale mlendo wolemekezeka pa mwambo uno, ndinawafunsa ngati anthu onse amaudindo atanganidwa tsiku limodzi. Anaseka, kenaka anati, “Tikufuna munthu amene analipo.” Ndinalipodi. Ndine amene ndinkatsogolera gulu lokumba pa chimulu chija, kuyambira pamene fumbi linali lisanatsike mpaka pamene tinatulutsa munthu womaliza.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa choyenera kuthokoza chilipo. M'mawa uno andiyendetsa m'wodi yatsopanoyi. Ndaona mabedi okwezeka kumutu kuti wodwala azigona chokhala, ndaona mapaipi a mpweya wa okosijeni otuluka m'khoma pa bedi lililonse, ndaona kachipinda komwe munthu amauzira m'kapaipi kuti adokotala adziwe mphamvu imene yatsala m'mapapo mwake. Koma chimene chandigwira mtima si makina ayi. Pakhomo palibe masitepe, ndipo m'khonde lonse mwaikidwa mabenchi motalikirana pang'onopang'ono, kuti munthu akayenda pang'ono akhale, akapeza mpweya adzuke, akafike pa benchi lina. Amene anaganiza za mabenchi amenewo amawadziwa matenda ano. Kwa iye, kwa amisiri amene anamanga, kwa amene anapereka zipangizo, ndi kwa anamwino amene avomera kugwira ntchito m'chipinda momwe odwala ambiri sadzatulukamo atachira, ndikuti zikomo.

Ndaona ena mwayang'anizana nditanena mawu omalizawo. Ndikudziwa kuti pa tsiku lotere timayenera kuomba m'manja n'kunena kuti vuto latha. Ine ndakalamba, ndipo mpweya umene ndili nawo ndi wochepa woti sindingauwononge pa bodza. Wodi iyi siichiza matenda a fumbi. Adokotala ali pomwepa, angandikonze ngati ndalakwitsa. Ndiloleni ndikuuzeni mmene tinafikira pano.

Nyumba ija inagwa m'mawa, anthu ali pa ntchito. Pansi panali masitolo, pakati panali matelala ndi okonza mafoni, pamwamba panali maofesi. Titafika sitinaone nyumba, sitinaonenso msewu. Tinaona fumbi loyera ngati ufa, lili tolotolo m'mwamba, losafuna kutsika. Aliyense amene ankatuluka m'fumbimo anali mtundu umodzi, moti mayi sankamuzindikira mwana wake mpaka atalankhula. Gulu langa linali laling'ono, ntchito inali yaikulu, ndiye anthu anangobwera okha. Ogulitsa nyama anasiya mipeni, owotcherera zitsulo anabwera ndi macheka awo, onyamula katundu anabwera ndi mawilibala, ena anabwera ndi manja okha ndi ndowa zapakhomo. Palibe anawaitana, palibe anawalemba ntchito.

Pa chimulu pali kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo ndikufuna mukamvetse, chifukwa m'menemo ndi mmene muli nkhani yonse. Mumakumba, mumakumba, kenaka mtsogoleri amakweza chibakera m'mwamba. Chibakera chikakwera, chilichonse chimaima. Chikatapila chimazimitsidwa, jenereta imazimitsidwa, fosholo imaikidwa pansi, ngakhale wolira maliro amagwira pakamwa. Zikatero munthu mmodzi amaitana, ndipo ena onse amatchera khutu. Ngati pansi pali wamoyo, amagogoda. Mukamva kugogoda, lamulo ndi limodzi: simuchoka pamalopo mpaka mutamutulutsa.

Anthu amafunsa kuti, kodi munalibe mamasiki? Ena tinali nawo. Koma mawu odutsa m'masiki safika patali. Chimkuzamawu tinali nacho, koma mawu ake ankangoyenda pamwamba pa simenti osalowa pansi. Kuti wotsekeredwa akumve, umayenera kulowetsa mutu mu mng'alu, kutsitsa masiki, n'kufuula ndi pakamwa pako. Ndipo aliyense amene anafuulapo akudziwa kuti usanafuule umayamba wadzaza chifuwa ndi mpweya. Mpweya wa mu mng'alu unali simenti yokhayokha.

Ena amafunsa kuti, bwanji simunathire madzi kuti fumbi ligone? Galimoto ya madzi inali pomwepo, yodzadza. Koma pansi panali anthu opanikizidwa, ena chagada, ena nkhope ili pa dothi. Madzi amatsikira pansi. Tikanathira, tikanawamiza m'matope tisanawafike. Ndiye tinakumba pouma. Ndaiganiza nkhaniyi zaka zonsezi ndipo sindinapeze pamene tikanachitira mwina.

Tsopano ndikuuzeni za alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga. Ambiri mumawadziwa ndi dzina lakuti a Belu. Ndi awo akhala kutsogoloku pa mpando wa matayala, ali ndi timapaipi m'mphuno, mlongo wanga atawagwira paphewa. Anali oitanira minibasi. Mawu awo sanali a masewera. Tsiku limene ankabwera kudzadziwonetsa kwathu, tinawamva akupereka moni kwa munthu wina ali pa mphambano, ife tili m'nyumba zitseko zili zotseka. Ndinamuuza mlongo wanga kuti, “Iwe, ukakwatiwa ndi ameneyu, chinsinsi cha banja lako chidzadziwika mzinda wonse.” Sanandimvere, ndipo anachita bwino.

Tsiku la ngozi a Belu anafika pa chimulu, anandipeza ndagona chafufumimba ndikuitana mu mng'alu. Anaima, anamvetsera, kenaka anati, “Alamu, mawu amenewo ndi a kambuzi kodwala chimfine. Munthu akawamva angoganiza kuti bola kufa. Tasunthani.” Ndinasuntha.

Panali mnzawo wina, wonyamula matumba pa nyumba yosungiramo katundu, amene tinamutcha a Nyundo chifukwa cha mmene ankaswera simenti. A Nyundo ankagwira a Belu m'miyendo n'kuwatsitsa chamutu m'dzenje, mpaka kunja kutsala nsapato zokha. Ine ndimakweza chibakera, pamalo ponse pamati zii, ndiye kuchokera pansi pa nthaka mumamva: “Kuli munthu uko? Gogodani!”

Ndipo ankagogoda. Amayi atelala amene akhala pa mzere wachiwiri apo, avala duku lobiriwira, anali pansi pa masileti awiri a simenti, mwendo utapanidwa ndi makina awo osokera. Titawatulutsa ananena kuti, “Nditamva mawu aja ndinati basi, minibasi yopita kumwamba yafika, ndipo ali kuitanira.” Taonani akuseka. Alipo ena muno amene anatuluka chifukwa cha mawu omwewo. Sindikuwerengani, mukudzidziwa.

A Belu akatuluka m'dzenje ankalavula zotuwa, n'kumaseka kuti akapitiriza adzayamba kugulitsa simenti ya m'mimba mwawo. Tonse tinkalavula zotuwa. Munthu wina wachifundo anatibweretsera mkaka m'makatoni, chifukwa amisiri onse amadziwa kuti mkaka umatsuka fumbi. Tinamwa mkaka ngati ana a ng'ombe, mitima yathu inakhala pansi, ndipo ntchito itatha aliyense anapita kwawo ali ndi chikhulupiriro chakuti watsukika. Palibe anapita kukayezetsa. Patapita zaka, adokotala anandiuza mofatsa kuti mkaka umapita m'mimba, fumbi limapita m'mapapo, ndipo njira ziwirizo sizikumana.

Matenda ano sabwera ndi phokoso. A Belu anabwerera ku siteji ali ngwazi, madalaivala akulimbirana kuti aziwaitanira. Chaka chinatha, china chinatha. Kenaka anayamba kutsokomola m'mawa. Kenaka akamaitanira, mawu ankathera pakati, dzina la kumene minibasi ikupita osalimaliza. Okwera ankaseka, iwonso ankaseka nawo. Tsiku lina dalaivala anangowauza kuti, “Akulu, khalani kaye pa mthunzi,” ndipo mthunziwo sanachokepo.

Anamwa mankhwala a chifuwa chachikulu mpaka kumaliza, osasintha. Anamwanso kachiwiri. Potsiriza tinafika kwa adokotala a mapapo amene akhala apawa. Anaika chithunzi cha ekisireyi pa nyali, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti, “Bambo, munagwirapo ntchito ku mgodi?”

A Belu anati, “Ayi, adokotala. Ine ndi wa minibasi.”

“Nanga simenti yonseyi munaipuma kuti?”

Ndine ndinayankha, chifukwa alamu anga anali akutsokomola. Adokotala anavula magalasi, anati, “Fumbi lija silinatuluke. Mapapo achita zipsera polimbana nalo, ndipo chipsera sichipuma. Sindingathe kulichotsa. Chimene ndingathe ndi kuthandiza kuti mbali yotsalayo igwire ntchito nthawi yotalikirapo. Mukanabwera kale, ikanatsala yambiri.” Mlongo wanga anafunsa ngati kunja kwa dziko aliko mankhwala. Adokotala sanamunamize. Akulu anati madzi akatayika saoleka.

Inu mukuwaona a Belu lero atavala jekete, atameta bwino. Ine ndimawaona kunyumba. Amasamba atakhala pa kampando, ndipo akamaliza kusamba amayenera kupumula asanavale. Kuchoka pa bedi kufika pakhomo ndi ulendo wokonzekera. Mlongo wanga anasiya kusesa ndi tsache, amangopukuta ndi nsanza yonyowa. Saphika m'nyumba, sakazinga chilichonse mphepo ikamalowera ku chipinda, sadzola mafuta onunkhira. Magetsi akazima, makina a mpweya amazima nawo, ndipo iye amathamangira silinda ya okosijeni. Tsiku lina anandiuza kuti, “Achimwene, ndinkadandaula kuti m'nyumba muno muli phokoso. Lero ndimasiya mbale m'madzi n'kukaima pakhomo pa chipinda kuti ndimve ngati akupuma.”

Chimene chimandipweteka kwambiri ine ndi ichi. Munthu ndi mlamu wake amanyozana, ndiwo ubale wake. Zaka zonse tikakumana, iwo ankanena za dazi langa, ine ndinkanena za nsapato zawo. Lero sindingathe kuwaseketsa, chifukwa akaseka amatsamwa, milomo imada, ndipo mlongo wanga amandiyang'ana ndi diso loti tulukani. Ndiye ndimapita kukawaona, timakhala mwaulemu ngati alendo a m'basi, ndimafunsa za thupi, iwo amagwedeza mutu. Ndinataya mlamu wanga adakali moyo.

Ndipo si iwo okha. Dalaivala wa chikatapila tinamuika m'manda. Wogulitsa nyama amene ankatinyamulira ndowa tinamuika. Awiri a m'gulu langa tinawaika. Pa malo a ngozi pali mwala wachikumbutso wa amene anafa tsiku lija, koma amene nyumba ija ikuwapha tsopano sali pamwalapo, amafera m'zipinda zawo, ndipo pa maliro timangoti anadwala nthawi yaitali. Nyumba ija sinasiye kugwa. Ikugwerabe m'zifuwa za anthu.

Olemekezeka, nanga wodi iyi ndi yachiyani, ngati siichiza? Ndinawafunsa adokotala funso lomwelo. Anati munthu akabwera msanga amayezedwa, amadziwa pamene ali, amachotsedwa pa ntchito ya fumbi ndi utsi kuti zipsera zisawonjezereke. Chibayo chikamugwira amachizidwa chisanamugwetse, chifuwa chachikulu chikalowa chimapezeka msanga, amalandira katemera, amapatsidwa mankhwala opopera m'kamwa otsegula njira za mpweya, amaphunzitsidwa kapumidwe koti mpweya wochepa umukwanire. Zimenezi zimagula zaka. Bambo amatha kuona mwana wake akumaliza sukulu, mayi amatha kunyamula mdzukulu. Si kuchira, koma si zochepa.

Kwa alamu anga zaka zimenezo palibe. Akudziwa, mlongo wanga akudziwa, ndipo andiloleza kunena pagulu. Bedi limene awakonzera muno ndi loti apumirepo mosavutika kwambiri masiku amene atsala.

Koma alipo ena amene nthawi idakalipo, ndipo sakubwera. Amatsokomolera m'chimbudzi kuti abwana asamve. Amati ndi chimfine, amati ndi nyengo, amati mwamuna sadandaula chifuwa. Amaopa kuti akayezedwa ntchito itha, ndipo sindingawanyoze, chifukwa ana amadya tsiku lililonse. Tinawatcha ngwazi, tinawajambula zithunzi, ndipo tsopano akuchita manyazi kuoneka atakhala pa benchi la chipatala. A Nyundo ndi mmodzi mwa iwo. Akazi awo anauza mlongo wanga kuti masiku ano amagona chotsamira khoma, ndipo thumba limene ankaliponya paphewa ndi dzanja limodzi amalitula kawiri asanafike pa lole. Ndinawapitira kunyumba, anandithira tiyi, anandiperekeza mpaka pa msewu akundiuza kuti ali bwinobwino, koma pobwerera ndinawaona atagwira mtengo wa magetsi. Lero abwera. Aima kumbuyo uko pa mpanda, chipewa chili m'manja. Musatembenuke, muwachititsa manyazi.

Kwa inu akuluakulu ndili ndi mapempho ochepa. Gulu lopulumutsa anthu lipatseni zida zomvera pansi pa nthaka ndi zolankhulira m'ming'alu, kuti munthu asamalowetsenso mutu wake. Nyumba zikamamangidwa, ziyang'aneni zisanagwe. Ndipo olemba anthu ntchito, munthu akabwera kuno kudzayezetsa musamuchotse ntchito, mumusinthire pogwira. Ndikupempha izi ndilibe chiyembekezo chachikulu, chifukwa ndinazipemphapo ndidakali ndi yunifolomu. Ndikudziwanso kuti nyumba ina itagwa mawa, zida zisanabwere, wina adzagona chafufumimba, adzatsitsa masiki, adzadzaza chifuwa n'kufuula. Adzachita bwino, ndipo adzalipira ndi mapapo ake. Zimenezi zimandilanda mtendere.

Dzulo masana ndinapita kwa alamu anga kukawauza zimene ndakonza kunena. Anandimvetsera, kenaka anandikodola kuti ndiyandikire, chifukwa masiku ano mawu awo amamveka ukaika khutu pafupi. Zinawatengera nthawi, koma ananena izi: “Alamu, musakanene kuti ndife ngwazi. Ngwazi sizipita kuchipatala. Mukanene kuti chimulu chija sitinamalize. Anthu adakali pansi. Mukakweze chibakera, ine ndikaitana.”

Ndinati, “Alamu, ndi mawu ati?”

Anati, “Oposa anu.”

Sindinaseke, kuopa kuwaseketsa.

Adokotala avomera kuti alamu anga aitane, koma kamodzi kokha. Choncho ndikupempha, a Wapampando, kuti mwambo uno ukhale m'manja mwanga kwa kanthawi. Oimba, ikani zoimbira pansi. Atolankhani, siyani kujambula. Amene muli ndi mafoni, azimitseni. Amayi amene muli ndi ana, agwireni. Mlongo wanga, tenga chimkuzamawuchi, uwaikire pafupi ndi pakamwa. Amene munali pa chimulu mukudziwa chochita mukaona dzanja ili.

Ndakweza.

Kwa inu amene simunamve, a Belu anena kuti: “Kuli munthu uko?”

Tidikire. Pa chimulu sitinkafulumira.

Mwamva? Uko kumanzere. Ukonso pakati. Ndi uko ku mpanda. Munthu angathe kubisa chifuwa pa phokoso, koma pakakhala chete chimadziulula chokha. Kutsokomola kumeneko ndiko kugogoda. Alipo, ndipo adakali moyo.

A Nyundo, takumvani. Inu munagwira miyendo ya munthu uyu masiku onse aja, manja akuterera ndi thukuta, ndipo simunamusiye ngakhale kamodzi. Lero wawononga mpweya umene analibe kuti akuitaneni. Lamulo mukulidziwa: pamene pamveka kugogoda sitichokapo. Ine sindichoka pano, adokotala sachoka, sizasi yodulira riboni iyi idikira. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma chitseko ichi tikutsekulirani ndife, inu mungolowa.

Apatseni njira. Musaombe m'manja, ingowapatsani njira. A Nyundo, musathamange, mabenchi alipo. Inunso amene muli pambuyo pawo, bwerani.

Mlongo wanga, pukuta misozi, ukankhe mpandowo. Alamu anga alowe poyamba, anzawo awatsate. Mmodzi walowa mochedwa, enawo mwina afika nthawi yake.

Olemekezeka nonse, amayi ndi abambo, m'malo mwa amene sanathe kudikira tsiku lino, ndi mpweya umene wanditsalira, ndikulengeza kuti wodi ya matenda a m'mapapo ya chipatala chino tsopano yatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.